Mutu 6: Voti ya Amalume

1. Sutikesi ya kuseri kwa sofa

Kunyumba kwa Sikelo kunali zinthu ziwiri zosasunthidwa. Choyamba chinali chithunzi cha a Phungu, abwana a bambo ake, chimene chinapachikidwa pamwamba pa chitseko. Chachiwiri chinali sutikesi ya amalume ake, imene inkakhala kuseri kwa sofa. Posesa, tsache linkailambalala ngati likuopa mlandu.

Amalumewo anali achimwene a mayi ake. Anachoka m'dziko muno ali mnyamata, kutatsala pang'ono kuti anthu avote pa chisankho chachikulu chija chimene anapikisana a Makwerero ndi a Mlatho. Mayina awo enieni ali m'mabuku, koma anthu ankangowatchula ndi zizindikiro za zipani zawo.

Amalume ankamata zithunzi za a Mlatho m'makoma. Apolisi atayamba kuwasaka, anathawa pa lole ya simenti osavota n'komwe. A Makwerero anapambana, n'kulamula mpaka mano kutha m'kamwa. A Mlatho anafera m'ndende.

Zaka zoposa makumi atatu amalume anali kunja, akutsuka mabogi a sitima ndi kuwerenga chilichonse chimene apaulendo aiwala pamipando. Anabwerako ndi imvi, chifuwa, ndi sutikesi imodzi imene ankakana kuimasula.

"Ndidzamasula ndikadzafika," ankatero.

"Nanga apa simunafike, achimwene?" mayi a Sikelo ankafunsa.

"Pamalopo ndafika, mlongo wanga. Koma dziko lija sindinalipeze."

Sankanama kwenikweni. Laibulale imene ankawerengamo ali mwana inali itasanduka bala ya mowa. Wotchi ya pa positi ofesi inaima kalekale, ndipo anthu anasiya ngakhale kuiyang'ana. Panjanji pankadya mbuzi.

Sikelo anali mu Fomu 3. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa pa mkangano uliwonse, kaya wa mpira kaya wa cholembera chosowa, ankaitana iye. Sankakondera ngakhale mnzake wokhala naye desiki imodzi.

N'chifukwa chake aphunzitsi a Mbiri atabwera ndi ganizo lawo, kalasi yonse inaloza iye. Aphunzitsiwa ana ankawatcha a Chifukwa, poti yankho lililonse ankalibweza ndi funso lakuti, "Chifukwa chiyani?" Ganizo lawo linali lakuti pa tsiku la makolo, sukulu ibwereze chisankho chakale chija. Ana awiri ayankhule m'malo mwa a Makwerero ndi a Mlatho, aliyense afotokoze mmene dziko likanakhalira m'manja mwake, kenako ana ndi makolo avote. Sikelo ndiye adzawerenge mavoti n'kulengeza wopambana.

Zonse zinkaoneka ngati sewero mpaka pamene zinamveka kuti mlendo wolemekezeka adzakhala a Phungu. A Phunguwo anali mwana wa a Makwerero. Ndipo dalaivala wawo anali bambo ake a Sikelo.

2. Chikhala kuti

M'mawa wa tsikulo tiyi anazirala m'makapu.

"Lero tikaona," anatero amalume, akupaka polishi nsapato zimene zinasiya kale kumva polishi. "Ana alibe mantha. Chikhala kuti anapambana a Mlatho, alamu, bwenzi sitima ikuimabe pa siteshoni paja. Bwenzi mwanayu ali ndi mabuku akeake, osati buku limodzi ana khumi ngati ntchentche pa bala. Inuyo bwenzi mukuyendetsa galimoto yanuyanu, osati kutsegulira chitseko mwana wa munthu amene anatibera dziko."

Bambo a Sikelo ankamanga taye osayang'ana pagalasi.

"Alamu, munthu wogonja ndi wokoma ngati mkazi amene anakukana. Sakalamba, sakalipa, sapsereza ndiwo. Akanapambana a Mlatho anuwo, bwenzi lero muli pampando womwewo mukulira a Makwerero. Mpando uja umasintha munthu. Ine anthu akuluakuluwa ndimawaonera pagalasi la m'galimoto tsiku ndi tsiku. Polankhula ndi anthu nkhope ina, chitseko chikatsekeka nkhope ina."

"Ndiye mumawadziwa, koma mumawatumikirabe."

"Tiyi amene mukumwayo ndi wa kutumikira komweko."

"Basi!" anatero mayi a Sikelo, akumenya tebulo ndi supuni. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Tamvera kuno, mwana iwe. Amuna awiriwa akukanganirana anthu akufa, koma wokaima pamaso pa amoyo ndiwe. Ndale si sewero, ngakhale aphunzitsi ako aziti ndi sewero. Ine ndinaona ndi maso angawa. Agogo ako anamwalira akuyang'ana kumsewu, kudikira mwana wawo uyu, chifukwa cha mapepala omata pakhoma. Lero ntchito ya bambo ako ili m'thumba mwa munthu amene akakhale pampando wakutsogolo. Ukanandifunsa ine, ndikanakuuza kuti ukane. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo udzuwo ndife. Koma poti unavomera, usakaseke ndi mbali iyi, usakanong'onezane ndi mbali iyo. Usakathire mchere, usakachotse. Ukatha, ubwere molunjika kunyumba. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Amalume anamuperekeza mpaka pampata. Anali atavala kale jekete lawo lakuda, la mapewa aakulu a fasho yakale.

"Mayi ako anena zoona, koma asiya chimodzi," anatero motsitsa mawu. "Anthu amaganiza kuti chisankho chimabedwa ndi zigawenga zonyamula mfuti. Ayi. Ine ndinafunsa onse amene anathawa pambuyo panga, ndinawerenga zonse zimene zinalembedwa. Chija chinabedwa ndi anthu aulemu, aphunzitsi ndi makalaliki, anthu opemphera asanadye. Pepala la a Makwerero likakhala ndi kadontho, ankati, 'Aa, cholinga cha munthuyu chikuoneka, tiyeni tiwerengere.' La a Mlatho likakhala ndi kadontho komweko, ankati, 'Lawonongeka.' Aliyense ankadziuza kuti ndi limodzi lokha. Limodzi pano, limodzi apo, dziko n'kupita. Tsono iwe, muyeso umene wayezera mdani, ukayezerenso mnzako. Ngakhale pepalalo litakhala la mayi ako okubereka."

"Ngakhale lanu, amalume?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine ndingalakwitse? Kuchonga kumeneku ndakhala ndikukuyeserera m'mutu kuyambira iwe usanabadwe."

3. Mu ofesi ya Ahedi

Sikelo asanafike n'komwe ku holo, anamuitana ku ofesi. Ahedi anali chiimire pawindo, akuyang'ana ana akunyamula mabenchi. A Chifukwa anali pakona atapinda manja kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba choko.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero Ahedi. "Malamulo a kawerengedwe ukuwadziwa?"

"Eya, Ahedi. Tinagwirizana m'kalasi. Munthu achonge m'kabokosi kamodzi basi. Pepala limene palembedwa kapena kujambulidwa china chilichonse ndi lowonongeka, chifukwa lingaulule mwini wake."

"Bwino. Ndawonjezerapo limodzi. Mavoti akafanana, mlendo wolemekezeka ndiye adula mlandu. Ndi ulemu chabe."

A Chifukwa anatsegula pakamwa. Ahedi anawayang'ana, pakamwa paja n'kutsekeka.

"Tsono undimvetse," anapitiriza Ahedi. "Sindikukuuza kuti ube. Mulungu andione. Ine ndakhala pa ntchito ino kuyambira aphunzitsi akowa akuyamwa, ndipo ndaona masukulu akuiwalidwa chifukwa cha tinthu tochepa kuposa apa. A Phungu analonjeza denga la labotale. Mvula ikagwa mumaphunzira sayansi mutafunda maambulera, si choncho? Munthu sumuitana pakhomo pako kuti adzaonerere bambo ake akugonja. Mapepala okayikitsa sasowa pa chisankho. Wanzeru amadziwa oti awayang'anitsitse ndi oti awaphethirire. Paja bambo ako amagwira ntchito yanji?"

"Ndi dalaivala, Ahedi."

"Wa ndani?"

Sikelo anayang'ana nsapato zake.

"Ndikawerenga zimene zili m'bokosi, Ahedi."

"Eya, n'zomwezo ndikunenazi," anatero Ahedi akumwetulira ndi mano okha. "Pita."

Pakhonde anakumana ndi Wayilesi, mnyamata wosatseka pakamwa amene anasankhidwa kukhala a Mlatho. Anali atabwereka jekete la bambo ake, manja ake osaoneka.

"A Sikelo, mwatuluka mu ofesi muli chete bwanji? Akuthirani mafuta kale?"

"Ndisiye, Wayilesi."

"Ndikungokumbutsa. Mwana wa dalaivala amakhotera kumene abwana aloza. Ukatikhotetsera, sukulu ino uiona kuchepa."

"Ukamaliza kulira batire, undiuze," anayankha Sikelo, n'kudutsa.

4. A Mlatho adzuka

Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Kutsogolo kunakhala a Phungu pa mpando wa khushoni, foni ziwiri zili pa ntchafu. Bambo a Sikelo anaima pachitseko atagwira makiyi. Amalume anakhala pabenchi la makolo, msana uli njo, chipewa chili pa bondo.

Woyamba kuyankhula anali Hediboyi, amene anaima m'malo mwa a Makwerero. Ananena za misewu ya phula, za mtendere, za mayiko oyandikana nawo amene anathirana nkhondo pamene kuno anthu ankagona zitseko zili zotsekula. Anati akanalamula a Mlatho, munthu wa mabuku wosadziwa kukalipa, asilikali akanamulanda mpando chaka chisanathe. A Phungu anawomba m'manja ndi zala ziwiri.

Kenako anakwera Wayilesi. Anakwinya manja a jekete n'kuyang'ana denga.

"Abale anga, ine ndinafa, koma lero aphunzitsi a Mbiri andidzutsa kuti ndione zimene munasankha. Ndayenda m'tauni muno. Ndafunsa laibulale, andilozera bala. Ndafunsa sitima, andilozera mbuzi. Ndapita kuchipatala, andipatsa pepala loti ndikagule mankhwala kwa mlamu wake wa dokotala. Mukanandisankha ine, bwenzi denga la labotale lisali lonjezo. Makwerero ndi abwino, abale, koma amakwerapo munthu mmodzi, ena nonse n'kugwirira pansi. Pa mlatho timawoloka tonse!"

Holo inagwedezeka. Ana anapondaponda pansi, makolo ena anabisa kuseka m'mipango. Ahedi anapukuta thukuta pakhosi. A Phungu anayamba kuwerenga foni. Amalume sanaseke. Milomo yawo inkagwedera ngati akutsatira nyimbo imene anaiiwala mawu.

Kuvota kunachitikira kuseri kwa bolodi imene anaiimika pakona. Munthu ankalandira pepala, n'kukachonga, n'kuponya m'katoni ya sopo yobowola pamwamba, kenako n'kuviika chala mu inki. Mzere unkayenda msanga mpaka pamene analowa amalume.

Anakhalitsa. Pansi pa bolodi pankangooneka nsapato zakale zija, zitaima malo amodzi.

"Agogo agona m'menemo!" anakuwa mwana wina, anzake n'kuseka.

Potuluka, amalume anaponya pepala lawo ndi manja awiri, ngati akuika chopereka. Anaviika chala mu inki n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Podutsa pa tebulo la Sikelo sanamuyang'ane, koma iye anaona kuti maso awo anali ofiira.

5. Pepala lomaliza

Tebulo lowerengera analiika pansanja kuti aliyense aone. Hediboyi anaima kumanja kwa Sikelo, Wayilesi kumanzere. A Chifukwa anagwira choko pa bolodi. Sikelo ankatulutsa pepala limodzi, n'kulitambasula, n'kulikweza m'mwamba, n'kutchula.

"Makwerero. Mlatho. Mlatho. Makwerero."

Posakhalitsa linatuluka lovuta. Mwini wake anachonga a Makwerero, koma anajambulanso kamunthu kakukwera pamakwereropo.

"Lawonongeka," anatero Sikelo.

"Iwe, cholinga chake chikuoneka!" anatero Hediboyi. "Wachonga bwinobwino apa."

"Wajambulapo. Lamulo tinapanga tonse."

Ahedi anatsokomola mokweza. Sikelo sanacheuke. Analiika pambali.

Patapita kanthawi linatuluka lina la a Makwerero, lolembedwa kuti, "Olemekezeka woyee!" Nalonso analiika pambali. Mbali ya a Mlatho inayamba kuimba dzina lake. "Si-ke-lo! Si-ke-lo!" Wayilesi anamugunda ndi chigongono.

"Ndinakunamizira, mnzanga. Ndiwe sikelo ya boma yeniyeni, ya chidindo."

Pabenchi la makolo amalume anagwedeza mutu kamodzi. Pachitseko bambo ake anasamutsa makiyi kuchoka dzanja lina kupita lina.

Milu iwiri ija inkakula mopikisana. Uwu ukatsogola, uwo unkaupeza. Phokoso linayamba kuchepa, mpaka m'holo munangotsala kulira kwa choko. Sikelo atapisa dzanja m'katoni n'kupeza mulibe kanthu, a Chifukwa anawonkhetsa kawiri, kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

"Afanana."

"Gwedeza katoniyo!" anakuwa wina kumbuyo.

Sikelo anaitembenuza n'kuigwedeza. Pepala limodzi, limene linakanirira pakona, linagwera pa tebulo. Linali lopindidwa mosamala kwambiri, m'mbali mwake mofanana ngati mwasitidwa.

Analitambasula n'kulikweza monga ankachitira ndi ena onse. A m'mabenchi akutsogolo anaona kumene lachongedwa, ndipo holo inaphulika.

"Mlatho! Mlatho wawina!"

Ana anakwera pamabenchi. Wayilesi anavula jekete n'kuyamba kulizunguza m'mwamba. Amalume anaimirira, chipewa chawo n'kugwa pansi osachitola.

Koma Sikelo anali asanatchule. Potambasula paja anaona kanthu kumunsi kwenikweni kwa pepalalo. Tinali timalemba ting'onoting'ono topendekera, tofanana ndi timene tinadzaza m'mphepete mwa mabuku onse a amalume. Tsopano chala chake chachikulu chinali chitagona pomwepo, chitatiphimba tonse. Hediboyi sanatione. Wayilesi sanatione. Chimene chinkafunika n'kungosiya chalacho pamene chinali, n'kutchula liwu limodzi.

Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Sikelo anayang'ana amalume ake. Anali asanawaonepo akumwetulira choncho, ngati mnyamata.

Anasuntha chala.

"Lawonongeka," anatero.

Mawu ake anamira m'phokoso. Anamenya tebulo ndi chikhatho monga amachitira mayi ake.

"Ndati lawonongeka! Palembedwa mawu."

Chete anayambira kutsogolo n'kuyenda mpaka kumbuyo. Wayilesi anamutsomphola pepalalo.

"Mawu ake ati? Timadontho iti?" Analiyandikiza kumaso n'kuwerenga mokweza. "'Pepani, ndachedwa.'"

Ana ena anaseka, poganiza kuti ndi mnzawo wina wozolowera kupepesa pageti m'mawa. Amalume anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Sikelo, cholinga chake chikuoneka!" anatero Wayilesi. "Wachonga bwinobwino. Ndi limodzi lokha ili!"

"A Hediboyi ananenanso chimodzimodzi, iwe n'kuwomba m'manja."

Ahedi anali ataimirira kale, nkhope ikuwala. Anakumbutsa anthu za lamulo la mavoti ofanana, n'kupempha mlendo wolemekezeka kuti adule mlandu. A Phungu anaika foni m'thumba, n'kukwera pansanja mosafulumira.

"Mwandipatsa ntchito yovuta," anatero akuseka. "Koma munthu sakana bambo ake pagulu. Makwerero!" Kenako anaika dzanja paphewa la Sikelo. "Ndipo mwana uyu mumuwombere m'manja. Mwina simukudziwa, ameneyu ndi mwana wa dalaivala wanga. Ndi wathu ameneyu."

Dzanja lija linalemera ngati thumba la simenti. Kumbuyo kwa holo wina anakuwa kuti, "Wakuba!" Ena anamutsatira. Wayilesi anavala jekete lake, n'kulavula malovu pambali pa tebulo.

"Ndinanena ine. Wakhotera kumene aloza abwana."

6. Pamene panalibe fumbi

Anthu akutuluka, a Chifukwa anabwera kudzatola mapepala.

"Wachita zoyenera," anatero motsitsa mawu.

"Nanga chifukwa chiyani onse akuti ndaba, aphunzitsi?"

Aphunzitsi aja anayang'ana choko chimene chinali m'manja mwawo. Tsiku limenelo analibe funso lobweza.

Sikelo anawapeza amalume kuseri kwa holo, pampopi. Anali atawerama, akukhula chala chawo ndi kamwala kuti inki ichoke. Madzi ankawanyowetsa nsapato.

"Amalume."

Sanadzutse mutu.

"Amalume, munandiuza nokha. Munati ngakhale litakhala la amayi."

"Ndinatero."

"Ndiye ndalakwa?"

Anatseka mpopi n'kuwongoka movutikira.

"Sunalakwe, mwana wa mlongo wanga. Chikhala kuti makalaliki aja anali ngati iwe, bwenzi ine ndisanakwere lole ija. Wolakwa ndine. Ndinalowa muja kuti ndichonge basi, koma dzanja linafuna kupepesa. Munthu uja anafera m'ndende ine ndikutsuka sitima za eni." Anayang'ana chala chija. Inki inali isanachoke. "Koma usandipemphe kuti ndisekere lero. Kawiri konse voti yanga sinawerengedwe. Koyamba anandiletsa ndi adani. Zimenezo ndinkadziwa pozisenzera."

Sikelo anafuna kuwagwira mkono, koma iwo anavala chipewa.

"Pita ukathandize anzako kubweza mabenchi. Ntchito ukaiyamba uziimaliza."

Anabweza mabenchi yekha mbali imodzi, chifukwa palibe amene anafuna kugwira naye benchi limodzi. Potuluka pageti anapeza galimoto ya a Phungu ikunyamuka. Bambo ake anamuyang'ana kudzera pagalasi, osamwetulira, osakwiya, kenako anakhota kumene anauzidwa.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Mayi ake anali kuseri akuanula zovala.

"Wabwera? Nanga amalume ako wawasiya kuti? Ndinamva chitseko kanthawi kapitako, ndimayesa ndi iweyo."

Sikelo analowa pabalaza. Chithunzi cha a Phungu chinali pamalo pake. Kapu ya amalume inali pa tebulo, tiyi wa m'mawa uja ali momwemo. Koma sofa inali itasunthidwa pang'ono.

Anasuzumira kuseri. Pansi panali malo a ngodya zinayi, oyera, opanda fumbi ngakhale pang'ono, pamene tsache linali lisanafikepo chibwerere amalume.

"Amayi!" anakuwa. "Sutikesi!"

Kutali, cha kudepoti, basi yopita kumalire inkaliza hutala kuitana otsalira. Sikelo anaponya chikwama pansi n'kutuluka liwiro, osatseka chitseko.